Kalata Yoimitsa Malole Athu

Ndinali dalaivala pakampani yokonza mawaya a magetsi m'tauni ya Kabwe pamene kalata ija inafika. Inali nthawi ya chipani chimodzi, sopo ndi mafuta ophikira tikuchita kuimira pamzere. Lole yanga inali yatsopano, ya makwerero pamwamba ndi bokosi la zipangizo kumbuyo. Ndikadutsa nayo kwathu ku Makandanyama, anansi ankandibayibitsa ngati nduna.

Tsiku lina m'mawa kapitawo wathu, Mbemba wamtali wosakonda nthabwala, anasonkhanitsa madalaivala tonse pabwalo. Anati opanga malolewo alemba kuchokera kutsidya kwa nyanja kuti tisawayendetsenso kufikira atakonzedwa, chifukwa waya wa pansi pa mpando ungathe kuyatsa moto.

"Ba kapitawo," ndinafunsa, "anthuwo lole yangayi anaionera kuti? Ine ndimakhalapo tsiku ndi tsiku, sindinapsepo."

"Mukwai," anandiyankha mwaulemu wa Chibemba, "ine ndangowerenga zimene alemba. Bweretsani makiyi."

Makiyi ndinapereka, koma nkhaniyo inakana kundichoka m'mutu. Chibadwire ndinali ndisanamvepo wopanga chinthu akudziulula yekha kuti analakwitsa. Bambo anga, amene anachoka ku Nyasalande ali mnyamata kudzalowa mumgodi, nditawauza anaseka mpaka kutsokomola.

"Mzungu kuvomera yekha? Mwana wanga, pali chimene akufuna. Kapena anaiwalamo chipewa chake."

Zokonzera zinachedwa kufika, mvula mpaka inayamba. Anzathu okwera m'mapolo ankapita ku Natuseko panjinga, makwerero atanyamulizana awiriawiri. Ine posowa chochita ndinkangozungulira kugalaja. Makaniko wamkulu kumeneko anali bambo wa ku Chipata, wosachotsa kolona m'khosi ngakhale ali pansi pa galimoto. Ndinawavutitsa ndi mafunso mpaka tsiku lina anatopa nane, namasula mpando wa lole yanga.

"Bwerani achimwene, mudzionere nokha."

Waya wonenepa wochokera ku batire unkadutsa pakabowo ka chitsulo, popanda chotchinga chilichonse. Galimoto ikagunda bampu, chitsulocho chinkaupala pang'onopang'ono. Pa lole yanga khungu la wayawo linali litadyeka, mkuwa ukuonekera kale. Ndinakumbukira mmene ndinkathamangira mumsewu wokumbika wa ku Mpima, ndikuimba nyimbo za kutchalitchi.

"Nanga opanga malolewa anadziwa bwanji?"

"Kwinakwake lole ina inapsa," anatero akupukuta manja. "Ndiye wina anakhala pansi, nafukula phulusa mpaka anaupeza wayawu."

"Dalaivala wake anatuluka?"

"Zimenezo sanalembe."

Dalaivala ameneyo ndinamuganizira masiku ambiri. Sindinkadziwa dziko lake kapena chilankhulo chake, koma ankakhala pampando wofanana ndi wanga, dzanja lake pa giya yomweyo. Kodi anayamba wamva fungo? Kodi anali yekha?

Katoni ya zokonzera zija itafika, tonse tinaunjikana kuti tione chimene chinaimitsa malole onsewo. Munali timphira takuda tozungulira, tating'ono ngati chotsekera botolo, toika pakabowo kaja kuti chitsulo chisapale waya. Ndinapempha kuti ka lole yanga ndiikeko ndekha. Makaniko anakana, koma anandilola kugwira tochi, akundifotokozera komwe waya uliwonse ukuchokera ndi komwe ukupita.

Kuyambira pamenepo nthawi yanga yopuma masana inkathera kugalaja. Patapita zaka ziwiri ndinasiya udalaivala, ndinavala ovolosi ya umakaniko.