Masewera Khumi ndi Anayi a Alamu Anga

Alamu anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Mukawaona ali pakampando kawo, mwendo wamanzere atauwongola, timisomali tili kukamwa, simungakhulupirire kuti anthu ankakanganirana pageti kuti akawaonere. Pabwalo ankatchedwa Chitseko, wotseka kumbuyo, ndipo mu ligi yaikulu anasewera masewera khumi ndi anayi basi. Ine ndimawaseka kuti ena chifuwa chimawakhalitsa kuposa pamenepo.

Anakulira pantchito ya bambo awo, kumata ndi kusoka nsapato, ndipo mpira anauyamba mochedwa. Liwiro analibe, tisanamizane. Mphunzitsi wa timu anawatengera thupi, kenako n'kumadabwa kuti munthu wolemera chonchi akufika bwanji pamalo mpira usanafike. Chinsinsi chinali chakuntchito. Osewera a timu ina akakhala pansi kuwongola miyendo masewera asanayambe, alamu ankadutsa pafupi ngati akufuna madzi, maso ali kunsi kwa jombo zawo. Mbali imene mano a jombo atha, ankadziwa kuti mwini wake amapondera pamenepo akamakhota. Wosewera ankatha kuwanamiza ndi mapewa, koma iwo anali atapita kale kukamudikira.

Pa masewera a khumi ndi chitatu bondo linaguluka, ndipo dokotala sanapite m'mbali: mpira watha. Koma kunatsala masewera amodzi. Timu ikagonja ituluka mu ligi, ikafanana mphamvu ndi adani itsala. Anyamata akutsogolo anali atatha mwezi osagoletsa, ndiye chigoli chimodzi cha adani chinali maliro. Otseka kumbuyo enawo, wina anali ndi khadi lofiira, wina ali gone kuchipatala.

Achemwali anga, akazi awo, analira ndi ukali womwe.

"Bambo a mwana, mukufuna ndizikuberekani popita kubafa moyo wanga wonse?"

"Mayi a mwana, ndipatseni masana amodzi okha," anatero alamu. "Kenako ndikhala pakhomo mpaka mutope nane."

Adani anabwera ndi Kamphepo, mnyamata amene anamwetsa zigoli zambiri chaka chimenecho. Alamu anadutsa pafupi naye monga mwa masiku onse, bondo atalikulunga ndi bandeji, ndipo ine ndili pamwamba pokhala oonerera ndinaona mapewa awo akugwa. Mnyamatayo anali atavala jombo zatsopano, zongotuluka kumene m'katoni. Panalibe chowerenga.

Alamu anaima kaye, manja m'chiuno. Kenako anatsimphinira kubenchi ya alendo n'kuwerama ngati akumanga chingwe. Pansi pa benchi panali mapatapata amene Kamphepo anabwera atavala, akale ndithu, lakumanja litadyeka m'mbali mpaka kupyapyala. Anawayang'ana pang'ono, n'kudzuka: wopondera kumanja amakhotera kumanzere.

Masana amenewo Kamphepo anaona zakuda. Akati akhotere kumanzere, Chitseko ali pomwepo. Akati ayesenso, Chitseko ali pomwepo, akuwefuka, nkhope itakwinyika ndi ululu. Kutatsala mphindi ziwiri anatsala awiriwiri kutsogolo kwa golo, ndipo ine ndinaluma kolala ya malaya. Mnyamatayo anaponya mapewa kumanja, bwalo lonse n'kupita naye. Alamu sanapite. Anagwetsa thupi kumanzere kwa mnyamatayo, mwendo wovulala womwewo uli patsogolo, mpira n'kuwulukira kwa ogulitsa zakumwa.

Wezulo yomaliza italira, timu inali itatsala mu ligi ndipo alamu anali chigonere pa udzu. Anthu a machira anathamangirako, iwo n'kuwabweza ndi dzanja. Anadzuka okha. Kuchokera pagolo kukafika pamzere wotulukira anayenda mphindi zinayi, akukoka mwendo, ndipo palibe munthu anasuntha kupita kugeti. Tonse tinaimirira, ngakhale ochemerera adani.

Sindinaonepo munthu akuyenda moipa chotero, ndipo sindinanyadirepo munthu chotero. Atafika pamzere anakhala pansi, n'kumasula jombo, n'kupatsa achemwali anga.

"Tengani, mayi," anatero. "Tiyeni kunyumba."