Dzala la Kuseri kwa Waya

Msoti wanga wofiira ndi umene unayamba. Ndinaupeza m'mawa uli gone pafupi ndi mpanda wa waya, miyendo itauma, thovu lili kukamwa, ndipo mtima unathamangira ku chitopa poti inali nyengo yake, dzuwa litayamba kuwawa. Koma chitopa chimayamba ndi kuodzera, nkhuku imavala jekete masiku angapo isanagwe, pamene uwu dzulo lake madzulo unkathamangitsana ndi chiwala pabwalo. Ndinaunyamula ndi mtengo, osati ndi dzanja, sindidziwa chinandiuza n'chiyani, n'kukaukwirira kutali. Mwana wanga wamkulu, mtsikana amene anali asanayambe sukulu, anandilondola akufunsa kuti bwanji sitiudya. Ndinati khala chete.

Malo athu anali kumunsi kwa msika wa pa boma la Dowa, kumene madzi onse a m'mapiri ankathera. Tinkakutchula kuti Kumatope. Ndinafikako ndili mtsikana, nditangokwatiwa kuchokera kwathu ku Msakambewa, ndipo ndinapeza nyumba zaudzu zopendama, njira yoterera ngati thelere, ophika kachasu, alonda a m'masitolo, osoka nsapato. Munthu wovala taye sankatsikako. Likulu litasamukira ku Lilongwe zinthu zinatembenuka. Kunabwera anthu ndi zingwe zoyezera, anakhoma zikhomo, anakumba ngalande, matope anauma, ndiye a ndalama anaona kuti kumeneku n'kwabata, mphepo ya ku Ntchisi siwomba kwambiri. Njerwa zinayamba kutsika pa mathirakitala. Anzathu anachoka mmodzimmodzi, ena ku Mponela, ena kumidzi kwawo, mpaka nyumba zaudzu zinatsala zitatu, yanga, ya mayi wina wachikulire wophika kachasu, ndi ya mkazi wa wosoka nsapato amene anali ndi ana ambiri. Dzina la Kumatope linafa. Anthu ankati kumayadi, ndipo pamsika ankandiseka kuti adona a kumayadi afika, apatseni mpando.

Sindinama, zabwino zinalipo. Mpopi unabwera, udzudzu unachepa, mwana wanga wamng'ono, wamwamuna, anabadwa nyumba isakulowanso madzi. Koma dzala linali lathu kuyambira kale. Linali kuseri kwa nyumba yanga, dzenje lalikulu limene tonse tinkatayamo phulusa ndi zinyalala, ndipo aliyense wokulira kwathu kuno adziwa kuti dzala ndi la nkhuku ndi ana. Nkhuku zimapalasa, ana amatola. Chitini chimasanduka galimoto, chigubu chimasanduka poto wa masanje, ife amayi timapezamo cha koloboyi. Mchombo wa mtsikana wanga utagwa ndinaukwirira m'mbali mwa dzala lomwelo. Bwana amene anamanga nyumba yamalata moyandikana nafe anadutsitsa waya wake pafupi ndi dzenjelo, n'kusiya kageti kakang'ono kotulukira kukataya zinyalala, n'kunena kuti malowo ndi ake. Sitinatsutse. Zinyalala zake zinali zonona, zitini za jamu, za nsomba, za mkaka wotsekemera, ndiye ana athu ankadikira kageti kaja ngati akudikira basi.

Msoti utafa kunatsatira kagalu ka wosoka nsapato. Kenaka akhwangwala awiri. Ndinaletsa mtsikana wanga kupita kudzala, ndinamuopseza ndi chikoti, koma mwana ndi mwana, ndipo ine ndinali ndekha, bambo ake ali kuesiteti ya fodya cha ku Kasungu, wamng'ono ali kumsana, madzi, nkhuni, munda. Tsiku lina masana ndikuchokera kumpopi ndinamuona atakhala kuseri kwa nkhokwe, chitini chili pamiyendo, chala chili m'kamwa. Ndowa ndinaiponya pansi. Fungo ndinalimva ndisanafike, fungo lija bambo ake ankabwera nalo m'malaya, la mankhwala opopera fodya. Ndinamenya chitini chija n'kugwera uko, ndinamulowetsa chala changa kukhosi, anasanza, analira, ndinamunyamula pachifuwa wina ali kumsana, n'kuthamanga chitunda chonse chija mpaka kuchipatala, osavala ndi mpango womwe.

Anachira. Anali atangonyambita pang'ono. Namwino wina anandifunsa kumene mwana anatola chitinicho, ndipo nditatchula nyumba ya bwana wa waya uja anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

“Mayi, zimenezo musamazinene mokweza. Ingosamalani mwana.”

Bwana uja anali wamkulu m'chipani. Ndende ya Dzaleka inali kuseri kwa mapiri omwewo, ndipo masiku amenewo munthu sankatchula dzinalo, ankangoloza ndi mlomo.

Mlonda wa panyumbapo ndinkamudziwa bwino. Anali mnansi wathu wakale, bambo wa imvi, ndipo nyumba yamalatayo inamangidwa pamene panali nyumba yake. Tsopano ankalondera malo ake omwe, atavala chijasi cha bwana. Ndinamupeza akuthirira maluwa m'mbali mwa waya.

“Achimwene, mwana wanga uja wagona kuchipatala.”

“Ndamva, mlongo.”

“Mwamva. Wathira mankhwala m'zitini ndani?”

Anapitiriza kuthirira duwa limene linali litakhuta kale madzi. “Adona akuti nkhuku zikufukula maluwa, agalu akumwaza zinyalala. Ine ndimangouzidwa.”

“Nanga ana? Anakuuzani kuti ana ndi agalu?”

“Anati ana ali ndi amawo.”

“Inu amene munkamusenza mwana ameneyu paphewa, n'kumamugulira nzimbe.”

“Mlongo, ndili ndi pakamwa podyetsa inenso. Mangani ana anu, basi.”

Adonawo, akazi a bwana uja, anatimva. Anatuluka pakhonde, mayi wooneka bwino, wa mawu ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiwawa. Anati pepani za mwana, koma malo ano asintha, mayi, si Kumatope kuja ayi, kodi kumudzi kwanu kulibe malo oti ana azisewera momasuka? Ndinagwada monga mwa ulemu, maondo okha ndiwo anagwada, ndipo ndinati kwathu ndi kuno, adona, munatipeza. Anamwetulira n'kulowa.

Ndinayesadi kumanga. Wamng'ono anali atayamba kuyenda, ndiye ndinamumanga chitenje m'chiuno n'kumangirira kunsanamira ya khonde. Anazungulira, anakoka, anakhala pansi n'kumandiyang'ana ngati kambuzi. Mtsikana ndinamutsekera m'nyumba dzuwa likuswa mtengo. Ana a wosoka nsapato ankapitabe kudzala, mayi awo sakanatha kuwagwira onse, ndipo kageti kaja kakalira ine mtima unkaima. Bambo a ana atabwera kumapeto a mwezi anamvetsera zonse mutu uli pansi.

“Longedza, upite kwanu ku Msakambewa. Njovu salimbana nayo.”

“Ndipite ine? Wathira mankhwala ndi ine?”

“Ukalankhula adzatenga ine, kapena iwe amene. Ana adzalera ndani?”

“Ndikachoka ana a mnzangayu adzafa, nyumba ino adzaigwetsa abzalepo maluwa. Sindipita.”

Anabwerera kuntchito atakwiya. Mantha anga sanachepe, anangosintha pokhala, anachoka m'mimba n'kukwera kumutu, ndipo ndinayamba kuganiza.

M'sutikesi mwanga munali nsalu imodzi imene mayi aliyense ankayenera kukhala nayo, nsalu ya chipani, ya nkhope ya mwini dziko. Tinkaivala kokavina. Lole ikabwera tinkakwera, ufune usafune, mwana akudwala kaya chimanga chili pamphasa, tinkaimirira padzuwa tsiku lonse tikuyeserera magule. Sindinganene kuti ndinkaikonda. Koma malamulo ake ndinkawadziwa, poti ankatiuza mobwerezabwereza: osaberekera mwana angaikodzere, osaiyanika pansi, osaipondetsa, ndipo kuing'amba ndiye usayerekeze n'komwe. Ankatiuzanso pamsonkhano uliwonse kuti ife amayi tili ndi nkhoswe, mwamuna wovutitsa mayi wavutitsa mwini dziko. Mawuwo ndinkawamva ngati mphepo. Tsiku limenelo ndinati tiyeni tione ngati ali ndi mano.

Ndinauza anzanga awiri aja. Mkazi wa wosoka nsapato anazengereza. Mayi wa kachasu anaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe mwana, wakhwima liti? Nsalu imeneyi yandivinitsa mpaka maondo kutha, lero indigwirireko ntchito.”

Tinasankha tsiku loyeserera magule, kuti wina asatifunse chimene tavalira. Titaweruka kubwalo sitinavule. Tinatsika ndi fumbi lathu, nsalu m'chiuno, ina pachifuwa, mipango kumutu, nkhope kutsogolo, nkhope kumbuyo, tinatenga makasu. Ana onse tinawakhazika pakhonde panga, ndinauza mtsikana wanga kuti agwire dzanja la mlongo wake asalisiye ngakhale aone chiyani. Dzuwa linali likadali pamwamba. Tinayamba kugumulira dothi m'dzenje, ndipo mayi wa kachasu anayambitsa nyimbo imene tinkavina tsiku lomwelo, yotamanda, mokweza, makasu akugwa motsatira nyimbo. Ine ndinaweramira khasu langa. Ndinkangokumba.

Kageti kanalira. Anatuluka mlonda uja atagwira unyolo, kumapeto kwake kuli galu wa bwana, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, amene ankadya nyama ife tikudya nkhwani. Kumbuyo kwake adona.

“Mukutani pamalo pathu?”

“Tikukwirira, adona.”

“Wakutumani ndani? Chokanipo msanga.” Sitinasiye. Anatembenukira kwa mlonda. “Masulani galuyo.”

Ndinamva wamng'ono akulira pakhonde ndipo sindinacheuke, ndikanacheuka ndikanathawa. Ndinaika khasu pansi, ndinayenda mpaka mpweya wa galu unandifika m'maondo, ndinagwira nsalu yanga mbali ziwiri n'kuitambasula kuti nkhope ioneke bwino.

“Masulani, achimwene. Koma aluma pano. Akang'amba nkhope iyi ine ndikanena kuti anang'amba ndi galu wa yani, anamasula ndani, analamula ndani. Amayi onse a kubwalo akaiona mawa.”

Mlonda anayang'ana nsalu, anayang'ana adona. Unyolo anaukulunga kawiri padzanja.

“Adona, uyu ndiye sindimasula. Mundichotse ntchito kaya.”

“Mwamva kodi?” anatero mayi wa kachasu, khasu lili paphewa. “Ngakhale galuyo ali ndi khadi la chipani, apa salumapo.”

Adona anayang'ana kumsewu kumene anthu ochokera kumsika anali atayamba kuima, kenaka analowa n'kumenyetsa kageti. Ndinazindikira pamenepo kuti Dzaleka ankaiopa iwonso, mwina kuposa ine, poti anali ndi zambiri zosiya.

Tinakwirira mpaka dzenje linadzaza, tinapondaponda, tinakoka miyala ya m'ngalande n'kusanja pamwamba, tinadula nthambi za minga n'kuunjikapo. Galimoto ya bwana inafika dzuwa likulowa. Ndinakhala pakhonde ndi nsalu yanga yomweyo, ana awiri pamiyendo, kamtolo ka zovala zawo ndinali nditamanga kale kuti akanditenga mnzanga awaperekeze ku Msakambewa. Palibe anabwera. M'mawa mwake ndinamva khasu likulira mkati mwa waya, mlonda akukumba dzenje latsopano pakati pa maluwa a adona.

Moni anatha kuyambira pamenepo, ndipo sindinawakhulupirire. Nsaluyo sindinaibwezerenso m'sutikesi, ndinaipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Tsiku lililonse ana asanatuluke ndinkaivala, n'kuyenda m'mbali mwa waya kuchokera kumpopi mpaka kungalande, maso pansi, ndikutola chitini, fupa, kachidutswa ka buledi, chilichonse chimene chadumpha mpanda, n'kukatentha. Adona ankandiona pawindo, inenso ndinkawaona. Kutsogolo kwa nyumba yanga, pamene ndinkatha kuona ndikusinja, ndinakumba kadzala kena kosaya, ndinapempha zitini kwa mwini kantini wa pamsika, ndinazitsuka ndi phulusa ndi madzi otentha, ndinazinunkhiza chimodzichimodzi, n'kuzitaya mmenemo ndi manja anga kuti ana akazitole.