Zala siziwerenga buku

Lachiwiri lapitali ndinalephera mayeso, abale anga, ndipo amene anandipambana ndi mayi amene amakolopa mu ofesi yathu.

Nkhani yake ndi iyi. Kuntchito kunapezeka malo a wotayipa makalata. Ine ndakhala mesenjala zaka khumi ndi chimodzi, kupalasa njinga m'mvula yamawawa ya Mzuzu uno, maenvulopu ali m'malaya. Ndinati basi, nthawi yokhala pampando wouma yakwana.

Ndinakonzekera mwa njira yanga. Ndinabwereka buku lophunzitsa kutayipa ku laibulale, n'kuliwerenga kawiri. Kenako ndinajambula mabatani onse pakatoni, n'kumagogoda kunyumba ku Ching'ambo mpaka mkazi wanga anafunsa ngati ndayamba kuombeza ula.

Koma katoni ndi katoni. Tsiku la mayeso nditadina makina enieni, chala chinalowa pakati pa mabatani, tizitsulo ta zilembo n'kukolana. Nditafika kumapeto kwa mzere woyamba kabelu kanalira, ngee! Ndinaimirira, kuyesa nthawi yatha. Buku lija linatchuladi kabeluko, koma silinandiuze kulira kwake.

Pambali panga NyaGondwe, wokolopa uja, makina ake ankangomveka ngati mvula pamalata. Ntchito anapatsidwa iye.

Tikutuluka ndinamufunsa kumene anaphunzira.

"Pompano, adada," anatero. "Ndinaona kuti mayi Banda, otayipa athu akale aja, maso ayamba kuwavuta, sakhalitsa pamakinapa. Chaka chonse ndakhala ndikuwapempha kuti ndizigwirako nthawi ya nkhomaliro. Inu mumakhala pawindo paja ndi buku lanu, otanganidwa chomene."

Zoona. Makinawo anali mapazi asanu okha kuchokera pawindo langa. Nanga ndinalekeranji kupempha? Manyazi. Munthu amene anzake amamutcha "a Pulofesa" chifukwa chowawerengera nyuzipepala, akagwade kuti mundiphunzitse?

Ndipo sindili ndekha. Tilipo ambiri m'maofesi ndi m'magalaja muno amene timafuna kukwera koma osaoneka tikuphunzira. Timakonzekera mobisa, kuti tsiku lina tidzangotulukira tili akatswiri, anthu n'kuwomba m'manja. Wothandiza makaniko amagwira sipanala zaka zisanu osafunsa chimene chikukonzedwa, kuopa kusekedwa. Mwambi wa safunsa uja ndimaudziwa bwino, ndinauwerenga m'buku. Phula lake ndiye ndalidya sabata ino.

Mabuku sindikuwanyoza, ndi amene anandichotsa mumdima. Koma kuona patali kwa NyaGondwe kunali kuona chimene chinali pafupi: mayi wokalamba, makina opuma masana, ndi pakamwa pake popempha.

Dzulo masana ndinatsokomola pakhomo pa ofesi ya NyaGondwe, chipewa m'manja.

"Mayi, mungandilole ndigwireko?"

"Yewo, a Pulofesa, khalani pansi. Koma bukulo siyani panja."

Ndinatayipa dzina langa, n'kulakwitsa kawiri. Kabelu katalira sindinaimirire.

Nanga inu, makina anu ali mapazi angati kuchokera pamene mwakhalapo?