Tochi ya malemu apongozi

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anabwera nayo kuchokera ku Chiparamba itakulungidwa m'thumba la feteleza. Tochi yodulira zitsulo ndi gasi, ya malemu apongozi, yakuda bii, mkuwa wake utachita kubiriwira. Anaiyala pakhonde pathu ku Nabvutika, pomwe mwana wanga ankakwawira, miyezi isanu ndi inayi yokha, chilichonse n'kukamwa.

Masiku awiri akuipala ndi sandipepa kufuna dzina la amene anaipanga. Panatuluka zilembo zitatu ndi nambala yofufutika theka. Anapita nayo kwa owotcherera kumsika, wina akuti ndi ya kumigodi, wina akuti kamutu kake kotulukira moto n'ka gasi wa kabaidi, osati wophikira. Iwo anangomva zakumigodizo basi. Anabwereka botolo la okisijeni ndi silinda ya gasi wophikira, n'kuziimika pansi pa windo lathu.

Ine ndisanakwatiwe ndinkagulitsa vitumbuwa pafupi ndi owotcherera, maso ndinali nawo. Nati ya paipi yofiira, yolowetsa gasi mu tochi, imamangidwa chobwerera, kumanzere. Alamu ankaikakamiza kumanja ndi pulayazi mpaka mazinga ake anadyeka, kenako anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga ngati akumanga thumba la makala.

"Alamu, ikutuluka mpweya iyo, fungo ndikulimva."

"Ndi fungo la matewera a mwana wakoyo! Unalekezera giredi chani iwe? Zitsulo wazidziwira kuti?"

Amuna anga anangolowa m'nyumba, iwo akulu awo sawatsutsa.

Ndinali ndikuchapa. Ndinatapa thovu m'beseni n'kulipaka panatipo monga ndinkaonera kumsika. Linayamba kufufuma, kuwira, kuwira osaleka. Alamu anandimenya dzanja.

"Chotsa! Ukunyowetsa tochi ya bambo anga, wopanda mwambo iwe. Mawa ndiiyatsa pompano, udzaone ndi maso akowo."

Mawa, pompano. Mbaula ya aneba ili apo, mwana wanga ali apa akuyamwa chala.

Kamutu kotulukira moto kaja alamu anali atakanyika m'chitini cha palafini kuti timabowo take titseguke. Masana atapita kukasamba, ndinabereka mwana, ndinakavuula, ndinathamanga kuseri, n'kukaponya m'chimbudzi. Ndinasamba m'manja katatu, palafini osachoka.

Alamu anagudubuza nyumba yonse, anakhuthula ngakhale dengu la zovala za mwana. Anazungulira Chipata mwezi wathunthu kufuna kamutu kena, koma popeza palibe ankadziwa mtundu wa tochiyo, kalikonse kamene anayesa kankakana kulowa. Eni mabotolo anatopa, anadzatenga zinthu zawo.

Mpaka lero alamu akabwera amapatsa moni mwana, ine ayi. Madzi ndikawapatsa amati alibe ludzu. Amadziwa. Sindinavomerepo, ndipo sindidzavomera. Mwanayo tsopano amathamanga pakhonde lomwelo.