Ulusi Wofiira pa Mathalauza Awiri

Mvula yamawawa ikayamba, makina osokera amafunika kulowa m'nyumba lamba wake asananyowe. M'mawa umenewo telala anawakoka yekha kuchoka pakhonde mpaka pawindo powala, poti maso anali atayamba kumunamiza.

Zaka makumi atatu wakhala akufupikitsa miyendo ya mathalauza a eni, koma ntchito yotere anali asanaionepo. Mwana wake wamkazi, yemwe anaphunzira masamu mpaka achibale anatopa kufunsa kuti amaliza liti, anabwera ndi mathalauza awiri akale.

"Ababa, mulumikize chiuno ku chiuno, mwendo ku mwendo."

"Nanga wovala alowera pati, mayi?"

"Savala munthu. Ndikaphunzitsira kumene ndikupitako."

Ulendowo unali wa mawa lake, kutali, zaka zinayi. Chimwalirireni mkazi wa telalayo, pakhomopo anatsala awiriwa basi.

Atasoka, chinatuluka chinthu chopanda polowera, cha mabowo awiri. Mtsikanayo anajambulapo mzere wa choko wozungulira, natola batani m'chitini.

"Tiyerekeze kuti ndikuponya ili. Likagwa chagada, tidula apa, tipotoza kamodzi, tilumikizanso. Likagwa chafufumimba, tidula mopingasa, tipotozanso. Mzerewu uzingopiringizika. Ntchito yanga ndi kufufuza kumene umathera."

"Ukaponya kambirimbiri, subwerera mmene unalili?"

"Pabwalo lathyathyathya, woyenda mwachisawawa amafikanso pakhomo, ngakhale mochedwa. Koma apa njira zimagawikana ngati nthambi. Mwayi wobwerera umanka nuchepa."

Telala anachotsa phazi pachopondera. Kunja madzi ankadontha mundowa, limodzilimodzi.

"Nanga wofuna kubwerera?"

Mwanayo anawayang'ana bambo ake, nabweza batani m'chitini.

"Ameneyo saponya batani, Ababa. Amakumbukira poyambira ndi monse anapotoza, n'kumamasula chobwerera m'mbuyo."

"Kukumbukira? Iwe amene umaiwala ambulera m'basi chaka chilichonse?"

"Aa, Ababa, zinali ziwiri zokha!"

"Zitatu. Yachitatu inali yanga."

Anaseka onse. Kenako telala anapaka chala pamzere uja, choko n'kufufutika pang'ono. Anatsegula kabati, nasankha ulusi wofiira wolimba, wosokera matumba a sukulu. Anachita kuyesa kanayi kuti aulowetse m'singano, koma sanapemphe thandizo. Anatsata mzerewo ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka anafika pamene anayambira. Anamanga mfundo ziwiri, naluma ulusi.