Zigubu Zinayi M'mawa, Zinayi Madzulo

Amene anandilakwira ndi mphunzitsi wina wa ku yunivesite, wofufuza za kusintha kwa nyengo, amene tonse tinkangomutchula kuti adokotala ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Anandichititsa kunamiza amalume anga. Bodzalo linatuluka pakamwa panga, sindikukana, koma analiphika ndi iyeyo, ndipo pamene ankaliphika n'kuti ali ndi gawo m'kampani ya mbewu imene ankati akuiyesa. Ndikulemba chifukwa ndatopa kufotokoza nkhaniyi pa siteji ya kabaza, pamene munthu usanafike pakati womvera uja wapeza kasitomala, wapita.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2. Fizi ankandilipirira amalume a ku Nathenje, mlongo wawo wa amayi, ndi ndalama za mtedza. Tsiku lina ndinamenya mnzanga m'kalasi mpaka dzino kuguluka. Anandiimitsa masabata awiri, ine sindinabwererenso. Amalume sanakalipe. Anangosiya kundifunsa maganizo pa chilichonse. Ndikapita kwawo moni ankandipatsa, chakudya ankandipatsa, koma nkhani ikafika pa munda kapena pa mbuzi ankatembenukira kwa wina. Ndinayamba kupalasa kabaza pa Mitundu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwana wa mayi uja ndi wa mtima wapachala, osamuputa.

Mkulu wa ku yunivesite uja anafika mu Okutobala pa galimoto yoyera, ali ndi alangizi a zaulimi a m'dera lathu. Ankafuna zinthu ziwiri: munda wa m'mbali mwa msewu ndi munthu wodziwa kulemba manambala. Munda wa amayi uli pamsewu penipeni, ndipo manambala ndimatha. Anakhoma pamtengo kachipangizo koyezera mvula, kooneka ngati botolo lodulidwa khosi, n'kundipatsa kope ndi cholembera.

"Achimwene," anatero, "inu ndinu maso anga kuno. Mvula ikagwa, werengani, lembani."

Chisiyireni sukulu palibe amene anali atandipatsapo cholembera. Ndinachisunga m'thumba la malaya, poonekera.

Mundawo tinaugawa pawiri. Kumtunda tinabzala chimanga cha makolo, mbewu ya amayi yosungidwa pa utsi. Kumunsi tinabzala mbewu yatsopano, yopakidwa mankhwala obiriwira, imene ankati ndi yopirira chilala. Tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana, kupalira kofanana. Anati umenewu ndiwo kafukufuku: zonse zifanane, kuti mbewu zilankhule zokha. Mawuwo ndinawakonda moti ndinkawabwereza pa siteji mpaka anzanga anayamba kunditchula kuti pulofesa.

Mu Febuluwale mvula inadula. Sabata yoyamba tinati ibwera. Sabata yachiwiri masamba anayamba kupotana, ndipo sanasankhe mbali: kumtunda kunafota, kumunsi kunafotanso, mwinanso kuposa. Chimanga chinali chitangoyamba kutulutsa ngayaye. Ndinamuimbira foni.

"Bwana, zonse zikupsa."

"Zonse? Yatsopanonso?"

"Imeneyo ndiye yawerama kwambiri."

Ndinkamva wailesi ya m'galimoto mwake. Kenako anati, "Kafukufuku asafe, achimwene. Njinga muli nayo. Tungani madzi kudambo, muzithirira mbali ya kumunsi."

"Nanga cha amayi?"

"Chimenecho n'choyerekezera chabe. Chisiyeni."

"Ndilembe m'kope kuti ndathirira?"

Anaseka. "Kopelo ndi la mvula. Madzi a m'chigubu ndi mvula?"

Sanali mvula, zoona. Ndiye sindinalembe. Ndinasiya kabaza, n'kumamangirira zigubu panjinga, zinayi m'mawa, zinayi madzulo, kuchokera pachitsime cha kudambo kukwera nazo mtunda, kuthira paphata lililonse ndi kachitini. Ndinatero mpaka mvula inabwerera. Matayala ndinasintha kawiri. Anthu a m'mudzi ankandiona, si kuti ndinkabisa. Amayi ankaseka ali pakhonde: "Chimanga cha abwana ako chimenechi, chomwa madzi a panjinga." Koma feteleza anali waulere, ndiye kuseka kwawo kunathera pakhonde pomwepo.

Mu Epulo kunachitika chionetsero. Malole anatenga alimi ku Nathenje, ena mpaka ku Diamphwe, anthu amene sanandionepo ndi chigubu. Anzanga a m'mudzi anagawiridwa zakumwa ndi zitenje, n'kukhala phee kumbuyo. Munda unkadzinenera wokha: kumtunda tizitsononkho tating'onoting'ono, kumunsi chimanga chonga mkono wanga. Mkuluyo anawerenga m'kope langa masiku onse amene mvula sinagwe, ndi malemba anga omwe, kenako anandiveka tisheti n'kundipatsa chimkuzamawu. Ndinati mbewuyi ndi yolimba. Anthu anawomba m'manja.

Amalume anali m'gulumo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anthu akubalalika anandikokera kuseri kwa lole.

"Mphwanga, aja ndi ophunzira, amalankhula zawo. Ine ndikufunsa iwe, amene unagona ndi mundawu. Zimenezi n'zoona?"

Zaka zisanu asanandifunsepo kanthu. Ndikanangonena liwu limodzi lokha, lakuti ndinathirira. Koma ndinaona mmene ankandiyang'anira, ngati munthu woti anganene kanthu kothandiza, ndipo sindinafune kuti maso amenewo athe.

"N'zoona, amalume."

Anagwedeza mutu, n'kukwera lole.

Chaka chotsatira anagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula mbewuyo pa sitolo ina ya pa Nathenje. Mbewu yawo ya makolo, imene ankaisankha okha chaka ndi chaka chikwatireni, anaitumiza kuchigayo. Anati kusunga mbewu ziwiri n'kusakhulupirira. Munda wonse anabzala yatsopano, ndipo oyandikana nawo atatu anawatsatira, poti amalume si munthu wothamangira zinthu.

Ng'amba ya chaka chimenecho aliyense akuikumbukira, inaposa ya chaka chapitacho. Sindinganene kuti cha makolo chinachita bwino, chinapsanso. Koma amene anasakaniza mbewu zawo anatolako kangachepe, ka miyezi iwiri itatu. Munda wa amalume unauma wonse ngati waotchedwa, nthawi imodzi, chifukwa unali mtundu umodzi wobzalidwa tsiku limodzi. M'nkhokwe simunalowe kanthu. Munthu wa imvi uja anayamba kuyenda maganyu osankha fodya pa esiteti, pamodzi ndi anyamata a msinkhu wanga, kubwerako ndi kathumba ka madeya.

Ndinapita kukawathandiza kugwetsa mapesi. Tinagwira ntchito m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu ndinaika chikwanje pansi.

"Amalume, chimanga chija ndinkathirira."

Sanatembenuke. "Chiti?"

"Cha pa chionetsero. Mbali yatsopano yokha. Anandiuza adokotala."

Anadula phesi lina, n'kuliponya pamulu. "Madzi ochuluka bwanji?"

"Zigubu zinayi m'mawa, zinayi madzulo."

"Panjinga?"

"Panjinga."

"Mtunda wonse uja," anatero. "Unalimbikira ntchito, mphwanga."

Anapitiriza kudula mapesi. Bola akanandimenya ndi mpini. Ine kumenyana ndimadziwa pothera pake, koma izi zinalibe pogwira.

Pobwerera ndinadzera pa sitolo ija, mutu ukutentha, ndikufuna wina aliyense woti ndimutukwane. Pakhomo panali chithunzi chachikulu: ine, tisheti ija, chimanga m'manja, mano onse panja. Ndipo kuseri kwa sitolo inali itaima galimoto yoyera ija, dalaivala wa mkuluyo akutsitsa matumba a mbewu. Tinkadziwana, tinkadyera limodzi tchipisi pachiwaya bwana wake akamalankhula ndi alangizi.

"Aise, galimoto ya yunivesite ikunyamulanso katundu wa sitolo?"

"Ya yunivesite iti?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Iyi ndi ya kampani ya mbewu, anawapatsa adokotala. Ali ndi gawo lawo mmenemo. Sitoloyi ndi ya madamu awo. Iwe wakhala nawo chaka chonse osadziwa? Pulofesa wa chiyani iwe?"

Ndinakhala pansi pa khonde la sitoloyo, pansi pa chithunzi changa. Ndinkayembekeza kuti mkwiyo ubwera monga umachitira, kuyambira m'mimba kukwera m'manja. Unabwera, koma unapeza thupi latopa. Ndinapalasa kubwerera ku Mitundu pang'onopang'ono, anthu awiri anandiimitsa panjira ndipo sindinaime.

Ndinayesa kudandaula. Alangizi anati iwo anangoperekeza mlendo. Ndinakwera minibasi mpaka ku yunivesiteko, mlonda wa pageti anandifunsa ngati ndili ndi kalata, ndinalibe. Wophunzira wina amene anandimvera chisoni anandiuza kuti zotsatira za kafukufuku uja zinasindikizidwa kale m'Chingerezi, ndipo za kuthirira mulibemo, za kampani mulibemonso. Ndinamufunsa ngati munthu amaloledwa kuyesa katundu amene iye mwini akugulitsa. Anati amayenera kunena poyera. Ndinati nanga akapanda kunena? Anakweza mapewa. Foni ya mkuluyo inkangolira. Amayi anati ndizisiye, anthu otere amadziwana ndi apolisi, ndipo ine mbiri yanga ndi ya dzino lija. Ndinazisiya. Ndinkapalasa, madzulo a Loweruka n'kupititsa kathumba ka ufa ku Nathenje. Amalume ankalandira, kuthokoza, n'kutembenukira kwa wina.

Mu Okutobala wotsatira galimoto yoyera inaimanso pamunda wa amayi. Ulendo uno inabwera ndi ina, ya alendo atatu a bungwe lothandiza alimi, amene ankafuna kugula mbewu yambiri yogawira midzi yathu yonse. Alangizi anali ataitana anthu, atakhala m'mizere youma. Anatuma mwana kudzandiuza kuti ndikufunidwa. Panjira ndinaona theka la njerwa, ndinaliyang'ana, ndinalidutsa. Osati chifukwa cha nzeru. Kuwerama kunandikulira.

Mkuluyo atandiona anatambasula manja ngati takhala tikulankhulana dzulo.

"Ameneyu ndiye mlimi wathu wachitsanzo! Bwerani kuno, achimwene. Auzeni alendowa zimene munaona ndi maso anu."

Anali atanenepako. Anandigwira paphewa, dzanja lofewa, lonunkhira sopo. Womasulira anasendera pafupi ndi alendo aja. Amayi anali kumbuyo, akundipukusira mutu kuti ayi. Anzanga a kabaza anali ataima pamsewu, akudikira nkhonya, ena akuseka kale.

Ndinachotsa dzanja lake paphewa panga bwinobwino, ngati ndikutsitsa katundu wa kasitomala. Mawu anga anatuluka otsika moti womasulira anachita kuwerama kuti amve.

"Adokotala, mbewu yanu ndinkaithirira ndi zigubu, munandituma ndinu, ndipo munandiletsa kulemba. Amalume anga anandikhulupirira, lero akudya madeya. Ine mbali yanga ya bodzali ndinakaitula kale kwa eni ake, ndipo sanandikhululukire. Yanu mukadali nayo. Musanawauze alendowa za mbewu, auzeni kaye kuti galimoto iyo anakupatsani ndani, ndi kuti sitolo ya pa Nathenje ndi ya ndani. Sindikumenyani, musaope, ndatopa. Mukamaliza muzule kachipangizo kanu pamtengo apo, muzipita."