Tsiku Limene Tsache Linapitirira Munthu

Aliyense amene anapalasapo njinga kuzungulira chilumba chathu cha Cape Breton m'mwezi wa Seputembala amamudziwa Murdina Gillis, ngakhale ambiri amangomudziwa mawu okha, chifukwa nkhope yake inkakhala kumbuyo kwawo nthawi zonse. Ulendowo ndi wa masiku anayi. Anthu oposa makumi asanu amanyamukira ku Baddeck, n'kutsata gombe mpaka kubwerera ku Baddeck komweko, miyendo itafa, matako akuyaka moto. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, munthu womaliza pa mzere wonsewo anali Murdina, tsache lalifupi atalimangirira kumbuyo kwa chishalo.

Lamulo la tsache ndi limodzi basi: silipitirira munthu. Wina tayala likaphulika, tsache limaima n'kumata chubu. Wina akayamba kulira pakati pa chitunda, tsache limamudikira alire amalize. Watopa zenizeni amakwera galimoto yonyamula otopa, koma amakwera mwa kufuna kwake, palibe womukankhira. Ndipo anthu a m'mphepete mwa msewu anazolowera. Akangoona tsache ladutsa, amadziwa kuti anjinga atha. Amapinda timatebulo tawo ta madzi, amachotsa zikwangwani, amamasula agalu amene akhala pa unyolo kuyambira m'mawa.

Murdina anabadwira ku Margaree, chitsirizira m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo amanena yekha kuti zokhala kumbuyozi anabadwa nazo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankayendetsa basi ya ana a sukulu, osasiyapo mwana pamsewu ngakhale tsiku limodzi, ngakhale panali ena amene ankafunitsitsa kuwasiya. Utsachewo sanachite kufunsira. Chaka choyamba anabwera ndi chinjinga cholemera cha malemu amuna ake, n'kumangotsalira, n'kumatola anthu ogwa. Wina pomuseka anamumangirira tsache. Iye sanalimasule. Kuyambira pamenepo msuzi wa nsomba wa kumaholo kumene anjinga amadyera sanaulawepo wotentha, ankapeza zotsalira m'mbali mwa poto. Ankadandaula zimenezi chaka ndi chaka, mokweza, koma mukanamulanda tsachelo mukanamupha.

Ndiye kunabwera wapampando watsopano wa komiti yokonza ulendowu, a Terrence Boutilier a ku Sydney, munthu wa wotchi yodula ndi foni yosachoka m'manja. Si munthu woipa ayi, kungoti chilichonse amachiyeza ndi mphindi. Pamsonkhano wa komiti ananena kuti masiku ano kuli tizipangizo tomata panjinga, toonetsa pafoni pamene munthu ali, ndiye tsache n'lachiyani? Amayi ophika m'maholo akudandaula kuti amadikira mchira wa ulendo mpaka chakudya kuzizira. Anakangana masana onse, mpaka anagwirizana chonchi: chaka chino tsache likafika mochedwa katatu pa masiku anayiwo, ntchito yake yathera pomwepo. Murdina anangoti chabwino. Anali asanachedwepo katatu, ngakhale chaka chimene kunaomba chimphepo choopsa.

Sanadziwe kuti achimwene ake agula njinga.

A Lauchie MacLellan, oyamba kubadwa m'banjamo, anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Moyo wawo wonse ankayendetsa lole yoperekera mafuta otenthetsera nyumba kumpoto konse kwa chilumba, moti palibe khomo limene sankalidziwa, ndipo theka la makomowo ndi abale. Tsopano kwathu kuno sudutsa pakhomo pa mbale wako ngati ukudutsa pamanda. Umalowa. Ukalowa sukana tiyi. Ukamwa tiyi sunyamuka usanafotokoze amene wamwalira, amene wakwatira ndi amene wagulitsa boti. Aliyense amadziwa kuti pa masiku a ulendo mwambowu umayamba wagona kaye. Aliyense, kupatula a Lauchie.

Tsiku loyamba anadutsa kwawo ku Margaree komwe. A Lauchie analowa nyumba zinayi. Murdina ankaima panja pageti, njinga ili pakati pa miyendo, abale akumukodola pawindo, iye akuloza wotchi. Pa nyumba yachitatu anawalankhula.

"Achimwene, ndakupemphani. Uwu ndi ulendo wa njinga, si wozonda abale."

"Kuthamanga si kufika, chemwali. Ukufuna ndidutse pakhomo pa mbale wathu Jessie Ann osalowa? Kodi iwe anakulera ndani?"

Anafika ku Chéticamp atachedwa ndi ola lathunthu ndi theka. A Boutilier anangokweza chala chimodzi.

Tsiku lachiwiri ndi la mapiri, la French, la MacKenzie ndi la North, kumene kulibe nyumba ya munthu, nkhalango ndi thanthwe basi. Kumeneko ndi kumene Murdina anapsa mtima zenizeni. A Lauchie anakwera mapiri atatu onsewo osatsikapo panjinga, akuimba mluzu, kupitirira anthu a njinga zodula ndi tizovala tothina. Anafika ku Cape North m'gulu la oyamba khumi, n'kudya msuzi wotentha. Mphamvu anali nazo, nkhalamba imeneyi. Akanakhala ofooka bwenzi Murdina atawanyengerera kukwera galimoto, koma munthu wamiyendo yabwinobwino ungamukweze bwanji?

Tsiku lachitatu nyumba zinayambiranso. Ku Neil's Harbour kokha a Lauchie analowa ziwiri, kwina anatuluka ndi nsomba youma atakulunga m'nyuzi. Pamenepo Murdina anameza manyazi n'kuwauza zonse za komiti, kuti akachedwa lero ndi mawa, tsache latha. Ankaganiza kuti adzidzimuka. A Lauchie anaseka mpaka kutsokomola. Anati zimenezo ndi zachibwana, palibe angachotse tsache pachilumba pano, ndipo agogo ake aakazi a Terrence ameneyo anali msuweni wa mayi awo, amulankhula okha mnyamatayo. Atatero anaona utsi pa nyumba ina ya kumtunda, n'kukhotera komweko. Ku Ingonish a Boutilier anakweza zala ziwiri.

Tsiku lomaliza gulu lonse limawolokera limodzi pa pantoni ya ku Englishtown nthawi ya 2 koloko masana, ndipo tsache likaphonya pantoniyo ndiye kuti lachedwa. Murdina anadzuka atakonzeka. Anawaika a Lauchie patsogolo pake penipeni, tayala lake likununkhiza lawo, ndipo anakwera phiri la Smokey ali chomwecho, n'kutsetsereka mbali inayo mphepo ikulira m'makutu. Nyumba zoyamba anazidutsa bwino, chifukwa eni ake kunalibe. Murdina anayamba kupuma. Koma ku Little River kuli azakhali awo a Katie Flora, a zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi, ndipo azakhaliwo anali atakhala pakhonde, atafunda shawelo, akudikira.

"Mphindi zisanu zokha," anatero a Lauchie, akutsamiritsa njinga kumpanda.

Murdina anaima pageti. Zinadutsa mphindi khumi. Anaitana, m'nyumba munamveka kuseka. Zinadutsa makumi awiri. Anaitananso, ndipo chimene chinamuyankha ndi ketulo ikulira kachiwiri. Anawerengera mtunda wotsala. Akanyamuka pompano n'kupalasa ngati wamisala, afika. Akadikira kapu ina ija, zake zada. Zinamukwana. Zaka zonsezi wadikira alendo osawadziwa n'komwe, wamata machubu mvula ikumukhutukira pamsana, wadya zozizira, lero ntchito yake ithere m'kapu ya tiyi ya munthu amene msewuwu amaudziwa kuposa wina aliyense? Asochera kuti a Lauchie? Abwera okha. Anaponda pedulo.

Anthu anachita zimene amachita nthawi zonse. Mayi wina anamubayibitsa n'kuyamba kupinda tebulo. Woyendetsa galimoto ya otopa, amene anali ataima pambali pa msewu, anaona tsache, analiza hutala n'kupita kutsogolo. Patsogolo pang'ono bambo wina wa kwa a MacAskill anakweza dzanja, n'kulowera kuseri kwa nyumba kumene chigalu chake chakuda chinkauwa paunyolo. Murdina anaona zimenezo bwinobwino. Koma anadziuza kuti achimwene ake amadziwana ndi galu aliyense wa kumpoto kuno. Sanafune kukumbuka kuti ankadziwana nawo ali m'mwamba mu lole, zitseko zitatsekedwa.

Anafika padoko kutatsala mphindi zinayi, thukuta likuyenderera m'maso. Anthu anali atandanda kale ndi njinga zawo, ndipo atamuona anaomba m'manja. A Boutilier anabwera akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunali kochokera pansi pa mtima, chifukwa nawonso sankafuna kukhala munthu amene anachotsa tsache. Anafunsa funso limene tsache limafunsidwa likafika pamene gulu lasonkhana tsiku lililonse.

"Mayi Gillis, kumbuyo kulibe munthu?"

Likanakhala liwu limodzi lokha, loti kulibe. Pantoni ikanawoloka, a Lauchie akanabwera pambuyo pake n'kuwoloka okha, ndipo m'chipwirikiti cha ku Baddeck palibe akanazindikira. Murdina anatsegula pakamwa, liwulo linakana kutuluka. Anakwiya kwambiri, ndipo sanadziwe kuti wakwiyira ndani.

"Aliko," anatero. "Achimwene anga. Ndawasiya ku Little River."

A Boutilier anayang'ana foni yawo, ngati muli yankho. Anayamba kunena kuti mwina komiti ikhoza kuonanso, poti ndi mbale wake, poti iye mwini wafika nthawi yabwino. Murdina anawadula. Anati tsache silifika lokha, limafika ndi munthu womaliza, ndiye lero lachedwa kachitatu, asavutike kuwerenga. Anamasula lamba, anawapatsa tsachelo m'manja, natembenuza njinga. A Boutilier anatsala atalinyamula ngati awapatsira khanda la eni.

Njira yobwerera inali yokwera, mphepo ikumuomba kumaso, ndipo Murdina anaiyenda akutukwana chamumtima. Anatukwana tiyi. Anatukwana azakhali, Mulungu amukhululukire. Anakonza mawu onse oti akawauze a Lauchie, kuyambira za njingayo mpaka za chaka chimene anamusiya yekha ndi maliro a mayi awo iwo ali kokaperekera mafuta ku Cape North. Anawasanja bwino mawuwo, loyamba, lachiwiri, lachitatu.

Anawapeza patsogolo pang'ono pa nyumba ya a MacAskill. Anali atakhala pa udzu m'mbali mwa msewu, njinga itagona m'ngalande, gudumu lakutsogolo litapindika. Mwendo wa buluku unali utang'ambika mpaka m'bondo, pa katumba atamangapo mpango umene unali utafiira kale. Anakhala atafulatira kumene Murdina ankachokera, maso ali kumpoto, khosi litasololoka, akuyang'ana pa khona ya msewu. Sanamumve akufika mpaka mabuleki atalira.

Anatembenuka, ndipo nkhope yawo inawala.

"Aa, wafika. Taona zimene wachita wa MacAskill uyu, kumasula galu tsache lisanadutse. Ndikamunenera ku komiti." Anapuma pang'ono, milomo itatuwa. "Magalimoto awiri anaima kuti andinyamule. Ndawabweza onse. Posakupeza pageti paja ndinadziwa kuti wabwerera kukatola wina. Ndawauza kuti mlongo wanga ali m'mbuyomu, sasiya munthu ameneyo."

Murdina anatsika panjinga. Mawu onse aja anamuthawa. A Lauchie anayang'ana kumpoto, anayang'ana kum'mwera kumene iye watulukira, kenako anayang'ana kumbuyo kwa chishalo kumene kunalibe kanthu. Anayang'anapo nthawi yaitali.

Murdina anagwada pa udzupo n'kuyamba kumasula mpangowo.

"Kumanga kwanji kumeneku, achimwene," anatero, osadzutsa mutu. "Khalani bwino, ndione."